Tsiku Limene Zelia Anakweza Mphika wa Tamfa

1. Mitu itatu

Kuno mumzinda wa Darwin, mvula ikamayandikira, kumatentha moti munthu amatuluka thukuta akadali m'bafa. Anthu amapsa mtima ndi zinthu zopanda pake, agalu amachita ulesi kuuwa, ndipo mileme imangokhalira kukangana m'mitengo ya mango. Inali nyengo imeneyi pamene tamfa wa kwa a Jong anatulutsa mitu ya maluwa.

Woyamba kuiona anali Zelia, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, mwana yekhayo wa m'nyumbamo. Nyumba yawo inali ya m'mwamba, yoima pa nsanamira zachitsulo monga nyumba zambiri zakale za kuno. Pansi pake pankakhala galimoto, makina ochapira zovala, ndi mphika waukulu wadothi momwe munali tamfayo.

Kunena zoona, tamfa si chomera choti munthu n'kuchiyang'ana kawiri. Masamba ake ndi aatali, athyathyathya, olendewera ngati malamba akutha. Koma kamodzi pachaka, usiku umodzi wokha, amamasula duwa loyera lalikulu ngati mbale, ndipo fungo lake limafika mpaka kumsewu. Pofika m'mawa duwalo limakhala litafota. Pamenepo a kwa Jong ankalithyola n'kuliphika mu supu wa nkhumba, chifukwa akuluakulu awo amati limafewetsa chifuwa.

Chomeracho chinabwera ngati tsamba limodzi lokha. Agogo aakazi a Zelia analikulunga m'kansalu konyowa pothawa nkhondo kwawo ku Dili, kutsidya kwa nyanja. Iwo atamwalira, amene anapitiriza kuchisamala anali mwana wawo Fernando, bambo ake a Zelia.

Koma a Fernando anadwala. Ntchito yawo inali yodula miyala yoika pamwamba pa makabati a m'khitchini, ndipo fumbi la miyalayo linawalowa m'mapapo. Tsopano ankangokhala chigonere m'chipinda chawo m'mwamba, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno. Masitepe a nyumba yawo yomwe anali atawakanika. Chidwalireni iwo, tamfa naye anangoti zii. Zelia ankamuthirira, kumuchotsa tizilombo ndi kumuthirira madzi otsukira mpunga, koma zaka zinadutsa osaona kanthu.

N'chifukwa chake m'mawa umenewo anakwera masitepe akukuwa.

"Ababa! Yatuluka! Itatu! Iwiri ikuluikulu, ndi kamodzi kakang'ono ngati njere ya mpunga!"

A Fernando anatsegula maso. Anapuma kaye, kenaka anamwetulira.

"Ndiye ukukuwa choncho kuti ichite mantha ibwerere?" anatero.

2. Mawu a azakhali

Mitu iwiri ija inakula msanga. Inatalika, inayamba kufiirira, ndipo inalendewera pa makosi aatali. Kamodzi kaja kanatsalira, kakukula mwaulesi.

Lamlungu madzulo kunabwera azakhali a Mena, achemwali awo aakulu a a Fernando. Ankachokera kumsika komwe amagulitsa supu, ndipo anali akununkhirabe adyo. Mayi ameneyu mtima wake unali wabwino, koma pakamwa pake panali tsabola. Anaima patsogolo pa mphikawo manja ali m'chiuno, nayang'ana nthawi yaitali.

"Amoi, bwera kuno," anatero. Umu ndi momwe ankamuitanira Zelia, monga amaitanira mwana wamkazi aliyense wa pamtundu pawo. "Tsegula makutu chifukwa sindibwereza. Ukuuona utoto wofiirawu pamphikapa? Anapaka ndi agogo ako aamuna, ndipo umayang'ana ku mtengo wa mango. Sanapake kuti pakongole ayi. Chomera ichi chikatulutsa mitu, sichisunthidwa, sichitembenuzidwa, ngakhale pang'ono chabe. Mitu imeneyi yazolowera kale komwe kuwala kumachokera. Ukangoitembenuza, imayamba kupotoza khosi kufuna kuwala kwake kuja, khosi limatopa, basi yagwa. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

"Sunamve, ndikuona maso akowo. Usathire madzi ambiri poganiza kuti ukuchichitira chifundo. Usamachigwiregwire. Anzako a kusukulu aja asabwere kuno ndi mafoni awo kudzajambula. Amayi anga anamenyapo dzanja la wansembe, wansembe weniweni wovala mkanjo, chifukwa anafuna kuukweza mutu kuti auone bwino. Ntchito yako yatha, mwanawe. Unathirira, unasamala, wachita bwino. Yatsala ndi ntchito yovuta kuposa zonse, yongokhala osachita kanthu. Ana a masiku ano imeneyi imakukanikani. Mumafuna chilichonse chibwere mukangodina ndi chala."

Zelia anayang'ana masitepe, nayang'ananso mphikawo.

"Nanga Ababa adzaliona bwanji duwali? Satha kutsika."

"Zimenezo tisiyire akuluakulu."

"Koma azakhali..."

"Ndati tisiyire! Iwe chako n'kusunga manja akowo. Tenga mapoto ali m'galimotomo ukatsuke."

Azakhali a Mena akanawonjezera mawu awiri okha, nkhani ino ikanatha mwina. Koma iwo anakula m'nyumba momwe ana sauzidwa zomwe akuluakulu akonza.

3. Zomwe anamva pa masitepe

M'mawa mwake Zelia akutsika kupita kusukulu, anamva amayi ake akulankhula pa foni pansi pa nyumba, pafupi ndi makina ochapira. Ankalankhula motsitsa mawu, koma pansi pa nyumba ya nsanamira palibe chinsinsi.

"Atiuza kuti tinyamuka Lachisanu m'mawa," amayiwo ankatero. "Ee, kuchipatala chachikulu cha ku Adelaide, pa ndege ya odwala. Kuno akuti palibenso chomwe angachite. Ayi, sanalonjeze kanthu. Adokotala angoti titenge zonse zomwe bamboyo angafune kukhala nazo pafupi."

Amayiwo anasiya kulankhula, nayamba kupukuta m'maso ndi thaulo lomwe ankati achape.

Zelia sanali mwana wakhanda. Anamva zomwe mawu amenewo ankatanthauza, ndipo mantha anamugwira. Anabwerera m'mwamba mwakachetechete n'kulowa m'chipinda cha bambo ake. M'menemo munkazizira ngati m'sitolo ya nyama, chifukwa makina oziziritsa ankalira usana ndi usiku kuti wodwalayo azipuma bwino.

"Ababa, tamfa amasula liti?"

"Makosi apindika kale?"

"Ayamba kupindikira m'mwamba, ngati mbedza."

"Ndiye watsala pang'ono. Lachitatu, mwina Lachinayi." Anapuma. "Chaka chino ndingomva fungo lokha. Udzatsegule mawindo onse. Likakwera mpaka kuno, ndidziwa kuti mwana wanga ndi mlimi."

Ananena moseka, koma Zelia sanaseke. Kusukulu tsiku limenelo sanamve chilichonse. Aphunzitsi a masamu anamufunsa funso kawiri, iye n'kumangowayang'ana.

4. Mphika ukwera

Ataweruka anapeza pakhomo pali zii. Amayi ake anali atapita kukatenga mankhwala, ndipo bambo ake anali m'tulo. Kumwamba kunali mitambo yakuda yomwe imabwera tsiku ndi tsiku nyengo imeneyi, kungoopseza chabe osagwetsa dontho.

Zelia anaima pamaso pa mphikawo. Mawu a azakhali ankawakumbukira bwinobwino, sitinganene kuti anaiwala. Koma anadziuza kuti akaunyamula mosamala, utoto wofiira uli kutsogolo, chomeracho sichidziwa n'komwe. Anatenga thumba lakale la mpunga, napendeketsa mphikawo, n'kulilowetsa pansi pake.

Mphikawo unali wolemera kuposa momwe ankaganizira. Anaukoka pa simenti mpaka pa masitepe, kenaka anayamba kuukweza sitepe imodzi imodzi, akuukankha ndi bondo. Masamba aatali aja ankakola m'zitsulo za m'mbali. Mitu iwiri ija inkagwedezeka uku ndi uku, ndipo nthawi iliyonse ikagwedezeka iye ankati, "Pepani, pepani," ngati akulankhula ndi anthu.

Masitepe a nyumbayo amakhota pakati. Pamenepo panalibe kuchitira mwina, anauzunguliza mphikawo kuti udutse. Pakhomo la chipinda anauzungulizanso. Pomwe ankauimika pafupi ndi bedi, malaya ake a sukulu anali atanyoweratu, ndipo utoto wofiira uja unali utayang'ana kukhoma.

Phokosolo linawadzutsa a Fernando. Anayang'ana chomeracho, nayang'ana mwana wawo yemwe anali wefuwefu, dothi lili m'manja ndi m'mawondo. Nkhope yawo inasintha, koma anaibweza msanga.

"Zelia," anatero. "Wakweza wekha?"

"Ndekha, Ababa. Tsopano mudzaliona ndi maso, osati fungo lokha."

A Fernando anatambasula dzanja n'kukhudza tsamba limodzi. Panali patapita nthawi yaitali asanachikhudze chomera cha amayi awo. Ankadziwa bwino zomwe zichitike, koma analibe mpweya wokalipira, ndipo mwina analibenso mtima wake.

"Chakula," anatero. "Wachisamala bwino, mwana wanga."

Zelia anasangalala kwambiri pa nthawi imeneyo. Chinali chisangalalo chake chomaliza sabata imeneyo.

5. Mpando wa nsungwi

Dzuwa litapendeka, galimoto ya azakhali a Mena inaima panja. Anabwera ndi ana awo awiri, anyamata akuluakulu ogwira ntchito kudoko. Anyamatawo anatsitsa mpando wansungwi womangiriridwa ku mitengo iwiri yaitali.

Zelia anali pakhonde m'mwamba. Anaona azakhali ake akulowa pansi pa nyumba, kenaka anamva mfuu.

"Mphika uli kuti? Amoi! Mphika uli kuti?"

Azakhaliwo anakwera masitepe mothamanga ngati mtsikana. Atafika pakhomo la chipinda anangoima, dzanja lili pakamwa. Mphepo yozizira ya makina ija inkawomba pa mitu ya maluwayo.

"Mayo ine," anatero motsitsa. Kenaka mawu anabwerera. "Iwe mwana iwe! Ndinalankhula Chitchaina chakale kuti usamve? Ndinati chiyani dzulo? Dzulo lomweli!"

"Ndimafuna Ababa alione asanapite," Zelia anayankha. "Ndamva zonse. Akupita Lachisanu. Inu simundiuza kanthu!"

"Tasuzumira pansipo. Suzumira! Ukuuona mpandowo? Azisuweni ako achezera kuumanga. Timati usiku womasula duwa timunyamule bambo akoyu, ndi botolo lake la mpweya lomwe, timutsitse akakhale pafupi ndi mphika monga ankachitira ababa athu atakalamba. Kwathu munthu ndi amene amapita pomwe pali duwa. Chiyambire sitinalinyamulepo kulipititsa kwa munthu. Ndaitana abale onse, nyama ya supu ndagula kale. Iwe unangofunika kudikira, basi. Kudikira kokha!"

Zelia anayang'ana pansi. Anyamata aja anali ataima pafupi ndi mpando wawo, akuyang'ana kumbali.

"Achemwali," a Fernando anaitana ali pabedi. "Musiyeni. Mukanamuuza."

"Ndiye wolakwa ndine?"

"Sindinatero. Ndati mukanamuuza."

Azakhali a Mena anatulukira pakhonde n'kuitana anyamata aja kuti akwere.

Anyamata aja anaunyamula mphikawo awiri, pang'onopang'ono ngati anyamula munthu wothyoka msana, n'kukaubwezera pamalo pake. Azakhali anagwada pa simenti nauzunguliza mpaka utoto wofiira unayang'ananso ku mtengo wa mango.

"Uchira?" Zelia anafunsa.

"Funsa iwowo," anatero azakhali, akuloza mitu ija. "Ine ndatopa."

6. Supu wopanda duwa

Lachiwiri m'mawa, pomwe khosi la mutu uliwonse limalumikizana ndi tsamba panaoneka kachikasu. Zelia anauza amayi ake kuti mwina ndi kuwala chabe.

Lachitatu mutu woyamba unagwa. Anaupeza pa simenti, nyerere zitauzungulira kale. Wachiwiri unagwa madzulo a tsiku lomwelo iye akuona, popanda mphepo, popanda woukhudza. Unangoti phwii, ngati chinthu chotopa.

Zelia anautola n'kuutsegula ndi chikhadabo. M'kati munali timasamba toyera tambirimbiri, topindidwa bwinobwino, tonse tokonzeka. Duwalo linali litatsala pang'ono zedi kumasula. Analira mpaka mutu unamupweteka, ndipo panalibe amene anamuletsa.

Lachinayi abale anabwerabe, poti anali ataitanidwa kale. Azakhali anaphika supu wa nkhumba wopanda duwa. Anthu anadya mwakachetechete, akulowa m'chipinda awiriawiri kukatsanzikana ndi wodwala. Amalume ena anayesa nthabwala ya kutentha, koma inagwera pansi. Mpando wansungwi uja unangokhala pansi pa nyumba, wina ataunjikapo zovala zochapa.

Anthu atapita, azakhali anamupeza Zelia akutsuka mbale. Anatenga kansalu nayamba kupukuta.

"Ine ndinakulira m'manja mwa anthu osalankhula," anatero, osamuyang'ana. "Amayi anga ankangoloza ndi maso. Koma mvetsa ichi, Amoi. Chikondi chako sindikuchitsutsa. Chomwe chagwetsa maluwa aja si mtima woipa, ndi mtima wothamanga. Udzakumana nazo zambiri pamoyo zomwe sungazifulumizitse, matenda, mimba, mvula, mkwiyo wa munthu. Ukadzaziika manja nthawi isanakwane, udzaziwononga uku ukuzikonda. Ndipo zina zikagwa sizibwereranso pa tsamba, ngakhale ulire chotani."

"Ababa adzabwerako?" Zelia anafunsa.

Azakhali anapukuta mbale imodzi yomweyo kwa nthawi yaitali.

"Ika mbalezi m'kabati," anatero.

7. Kamutu kotsala

Lachisanu m'mawa kunabwera galimoto ya chipatala. Amuna awiri ovala yunifolomu anawatsitsa a Fernando pa machira, akukhota mosamala pakati pa masitepe pomwe paja. Atafika pansi, a Fernando anakweza dzanja.

"Taimani pang'ono," anatero. "Ndifikitseni apo."

Anawafikitsa pafupi ndi mphika. Tamfa akanamasula usiku wapitawo, duwa lofota likanakhala likulendewera pomwepo, ndipo supu wake akanakhala ali pamoto. M'malo mwake panali masamba okhaokha ndi zipsera ziwiri zakuda.

A Fernando anafufuza ndi maso mpaka anakapeza kamutu kachitatu kaja, kobisala kuseri kwa tsamba. Kanali katafika ngati chala chaching'ono cha mwana.

"Aka sikanagwe," anatero.

"Kali kutali, Ababa. Azakhali akuti mpaka mvula itagwa."

"Ndiye ukadikire." Anapuma, napumanso. "Usakathandize. Usakapepese. Ungokhala nako pafupi. Kakadzamasula, udzandiimbire foni, undiuze fungo lake."

"Mudzayankha?"

A Fernando anamugwira dzanja n'kulifinya. Mphamvu zawo zinali ngati za mwana. Amuna aja anati ndege siidikira munthu, ndipo anawalowetsa m'galimoto. Amayi ake a Zelia anamupsompsona pamphumi, namuuza kuti azimvera azakhali, nalowa nawonso. Galimotoyo inakhota pa ngodya ya msewu osaliza belu.

Zelia sanapite kusukulu. Anachotsa zovala zija pa mpando wansungwi, naukokera pafupi ndi mphika, koma osaugunda. Atakhala pansi anayang'anitsitsa kamutu kaja. Pakhosi pa kamutuko panali kamzere kotuwa. Sanathe kudziwa ngati kanali kachikasu koyamba kapena fumbi chabe.

Dzanja lake linanyamuka lokha kuti likapukute. Linatsala pang'ono kufika. Analibweza, nakweza ntchafu, n'kukhalira manja ake onse awiri.

Anakhala choncho mpaka dzuwa linafika pa mtengo wa mango. Azakhali anatsika ndi kapu ya tiyi, naona momwe mwanayo anakhalira. Anawerama n'kukayang'ana kamzere kaja nthawi yaitali.

"Ndi fumbi, eti azakhali?"

Asanayankhe, foni inalira m'thumba la epuloni yawo. Anaitulutsa, naona dzina la amayi ake a Zelia. Onse awiri anayang'anana. Ulendo wa ku Adelaide ndi wautali, ndipo ndegeyo sikanakhala itafika kale.

"Khala pomwepo," anatero azakhali, mawu atauma. Anapita kuseri kwa galimoto n'kuika foniyo kukhutu.

Zelia sanadzuke. Anakhalirabe manja ake, maso ali pa kamutu kaja, akumvetsera.